Mendulo Yopanda Chiboo

Ndikakumbukira chaka chimene ndinkamaliza pulayimale ku Chimadzi, mtima umandiwawabe. Ndinali mtsikana waliwiro, moti anyamata omwe ndinkawasiya m'fumbi. Aphunzitsi athu a masewera ankafuna ndikathamange pa mpikisano wa mzinda wonse wa Tete, koma bambo anga, omwe ankayendetsa kamiyau, lole yonyamula malasha, ku Moatize, sankafuna n'kumva komwe.

"Mwana wamkazi kumangothamanga pagulu? Ubwere ndi mendulo kaye, ndiye tikambirane," anatero.

Tsiku la mpikisano wa pasukulu dzuwa linali likuswa mtengo. Ndinathamanga wopanda nsapato, mchenga ukuwotcha kumapazi, ndipo ndinapambana. Koma mamendulo anangokwanira anyamata okha. Aphunzitsi aja, pochita manyazi, anandipatsa chinthu chawochawo: ndalama yachitsulo yachikumbutso, yolemera, yonyezimira, ili m'kabokosi kapulasitiki. Anati zoterezi amapanga zongosunga, osati zogulira zinthu.

Ndinafika nayo kunyumba ndikudumphadumpha. Bambo anaitembenuza uku ndi uku.

"Apa alembapo metikali. Iyi ndi ndalama. Ine ndinati mendulo."

Ndinawachonderera mpaka tinapita limodzi ku baraka, kagolosale ka mnansi wathu, bambo wina wa ku Tsangano wogulitsa sopo ndi machesi. Iye anaiyang'anitsitsa n'kuibweza. "Iyi sindingalandire, achimwene, ngakhale pa machesi. Siyenda pamsika."

"Mwamva, bambo? Si ndalama!"

"Mendulo imakhala ndi chiboo, amaivala m'khosi," bambo anga anayankha osandiyang'ana. "Chiboo chili pati?"

Ha! Ukali unandikwera. Titabwerera ndinatola msomali ndi mwala, n'kupita kuseri kwa nyumba. Ndinakhoma, ndinakhoma, chala chikuchucha magazi, mpaka chitsulo chija chinabooka. Ndinang'amba kansalu ka kapulana, chitenje chakale cha amayi, n'kupisa pachiboopo, n'kuivala, n'kukaima pamaso pa bambo.

"Taona zimene wachitazi. Wawononga ndalama ya boma. Mwana wopanda nzeru chonchi ndingamulole kupita ku mpikisano?"

Ndinalira mpaka mawu anasasa. Amayi anangoti, "Zisiye, mwanawe." Tsiku la mpikisano wa mzinda ine ndinali pamzere wa madzi ndi chigubu, ndipo m'malo mwanga anapita mtsikana amene ndinamusiya kutali.

Kwa zaka zambiri ndinkafunsa aliyense woti angadziwe, ngakhale mnzanga wina wogwira ntchito kubanki. Ena ankati ndi ndalama ndithu, popeza mtengo wake walembedwa pomwepo. Ena ankati ndi mendulo, nanga si sigula kanthu. Aliyense ndinkakangana naye ngati ndi iye anandiletsa.

Panopa ndine mayi wa ana anga, ndipo ndikudziwa kuti ndinkadzivuta chabe. Bambo anali atakana kale ndisanathamange n'komwe, anangosowa mtima wondiuza. Ndikanabwera ndi golide weniweni, akanati wapepuka. Akanangonena kuti ayi tsiku loyamba lija, ndikanalira kamodzi basi.