Maziko Amene Tinakumba Komiti Isanabwere

Tsiku limene a khansala a dera lathu anaimika njinga yamoto pakhonde pomwe ndinkasokera n'kunena kuti, "Mayi, konzekani, komiti ikubwera kudzaona malo anu," ndinadumpha mpaka yunifolomu imene ndinkasoka inagwera m'fumbi. Sindinaitole n'komwe. Ndinaimba nthungululu pakati pa msika wa Jenala, amayi a matemba n'kutembenuka onse, kuyesa kuti wina wabereka.

Kuti mumvetse chimwemwe changacho, dziwani kuti ine ndine telala, ndipo imvi zoyamba zinandimera ndili pakhonde la golosale ya mwini. Khonde la eni, abale, ndi ukapolo. Mvula ikabwera ndi mphepo ya ku Chilwa, ndinkafunditsa makina chitenje changa, ine n'kumanyowa. Mwini golosale akadzuka ndi mkwiyo wa kunyumba kwake, ankandiuza kuti ndisendere uko, ati ndikutchinga makasitomala. Mkwatibwi akabwera kudzayesa diresi, tinkapita naye kuseri, anzake n'kumutchinga ndi zitenje, anyamata a kabaza akusuzumira. Ndinkafuna chinthu chimodzi basi: shopu yangayanga, yotseka ndi kiyi wanga.

Malo analipo. Amalume anga, omwe ndiwo mwini mbumba yathu, anandilozera kachigawo ka malo a malemu amayi anga, m'mphepete mwa msewu, pafupi ndi msika. Koma a khansala anandichenjeza kuti masiku ano pamalo a malonda sumangodzuka n'kumanga. Umajambulitsa pulani, n'kukaipereka ku khonsolo, kumene kuli komiti yoona za mamangidwe. M'komitimo, ati, mumakhala a zamisewu, a zaumoyo, a zamalo, makhansala ndi mafumu ena. Amatuma kaye anthu awo kudzaona malowo ndi maso, kenako amakhala pansi n'kugamula kuti manga, kapena usamange. Zonsezo ndinachita, ndipo tsopano anali kubwera.

Ndinatumiza uthenga kwa amalume, ndipo m'mawa mwake anafika atavala chipewa chawo cha kumisonkhano. Anaima pamalopo, nayang'ana udzu, napukusa mutu.

"Mwana wa mlongo wanga, ukufuna alendo apeze tchire ili?" anatero. "A ku boma ine ndimawadziwa. Pamene tinkapempha buloko ya sukulu, anapatsa yani? Mudzi umene unaumba njerwa. Nanga mjigo uja? Anapeza tatuta kale mchenga ndi miyala, ndiye anatikumbira. Boma silithandiza waulesi. Akabwera apeze thukuta!"

Ndani akanatsutsa? Zinali zoona zokhazokha. Tonse tinakula tikuona zimenezo: mudzi wofuna chitukuko umaonetsa kaye mphamvu zake, alendo akafika n'kuomba m'manja. Bambo a kunyumba anangoti, "Amalume anena," n'kukatenga piki. Anaitana akamwini anzawo, ine ndinaitana amayi a mvano. Njerwa ndinali nazo kale, zowotcha bwinobwino. Ndinaphika thobwa la mapira lodzaza ndowa, ndipo ntchito inayamba.

Koma inali ntchito, inu! Amuna kukumba, amayi kutunga madzi akuimba, fumbi tolo. Zikhomo ndinakhoma ndekha, ndipo ndinazikhoma kufupi kwenikweni ndi msewu. Ndinkafuna kuti munthu ali pa kabaza azitha kuona ngakhale mabatani a diresi lopachikidwa pakhomo. Amalume ankayenda uku ndi uku ndi ndodo yawo, kulamula kuti apa mukumbe mozama, apa muwongole. Pofika tsiku la alendo maziko onse anali atakumbidwa, ndipo mmisiri anali atayala kale mizere yoyamba ya njerwa. Ndinkaima pakati pake n'kumauza anthu odutsa kuti makina adzakhala apa, tebulo lodulira apo, choyesera zovala uko. Mtima unkachita kuvina.

Galimoto ya khonsolo inafika dzuwa litakwera. Tinali titasesa, titayala mipando ya kutchalitchi pansi pa mtengo wa mango, nyemba za kalongonda ndi chinangwa zili m'mapoto. Amayi anayamba nyimbo yolandirira alendo. Anatsika anthu atatu: mayi wina wamagalasi amene a khansala anati ndiye woona za mapulani, bambo wa zamisewu atanyamula tepi, ndi bambo wina wa zaumoyo. Mayi uja anabwera akumwetulira, koma atangoona maziko aja, kumwetulirako kunazima.

"Wakumba apa ndani?" anafunsa.

Amalume anavula chipewa, natulutsa chifuwa. "Ndife amene, mayi! Mbumba yonse, popanda wotikakamiza!"

Nthungululu zinalira. Ine ndemwe ndinaimba yaitali kuposa onse, Mulungu andikhululukire.

Mayiyo anadikira kuti phokoso lithe, kenako analankhula mofatsa. Anati iwo sanabwere kudzapereka chitukuko ayi. Anabwera kudzaona ngati malowo ndi oyenera kumangapo, ndipo lamulo likuti munthu asakhudze nthaka komiti isanavomereze. Kumanga usanaloledwe, anatero, ndi chifukwa chokwanira choti komiti ikane pempho lonse.

Bambo wa tepi uja anakaima pakati pa msewu, nakoka tepi yake kubwera kwathu. Inadutsa khoma langa lakutsogolo, inadutsa malo a makina, n'kukathera pakati penipeni pa shopu. Anati mbali yonseyo ndi ya msewu, yosungira ngalande ndi tsiku limene msewuwo adzaukuze. Wa zaumoyo naye anafunsa kuti chimbudzi chidzakhala pati, popeza mjigo uli pafupi.

Ine ndili ndi pakamwa, aliyense pa Jenala amadziwa. "Abwana," ndinatero, "msewu umenewu ndaukhalira m'mphepete chibadwire, sindinauonepo ukunenepa. Lero ndikafuna kumanga ine ndiye wayamba kufuna malo?" Bambo a kunyumba anandikoka chitenje kuti ndikhale chete. Mayi wamagalasi sanakwiye. Anangoti iwo akanena zimene aona, ogamula ndi komiti, ndipo ngati ndikufuna ndikhoza kukakhalapo pa tsikulo. Kalongonda sanadye. Galimoto inachoka, ife n'kutsala tikuyang'ana dzenje lathu.

Amalume anavala chipewa n'kunyamuka osatsanzika. Mwini golosale, amene anamva zonse, anandilandira m'mawa mwake ndi mawu akuti, "Takulandiraninso, eni shopu. Safunsa anadya phula." Ndinapalasa makina mwamphamvu mpaka singano inathyoka.

Tsiku la msonkhano linafika. Ndinavala diresi losoka ndekha, la manja otukumuka, kuti ngati akandikana andikane akuona ntchito yanga. Ndikutuluka m'nyumba ndinapeza amalume ali pabwalo, atavala jekete. Sanandifunse ngati ndikuwafuna. Tinakwera kabaza aliyense wake mpaka ku boma, phiri la Michesi likukula kutsogolo kwathu.

Anatikhazika pa benchi kumbuyo kwa holo. Ngakhale ndinali ndi mantha, ndisaname, ndinasangalala kuona ndi maso anga mmene nkhanizi zimayendera. Ine ndinkayesa kuti pamakhala bwana mmodzi amene amangoti iwe inde, iwe ayi. Si choncho. Mayi wamagalasi ankaimirira, n'kutambasula pulani, n'kufotokoza zimene anakaona. Kenako aliyense ankaponyapo lake, mpaka kutsutsana ndithu. Wina ankafuna kumanga malo omwera mowa moyang'anizana ndi sukulu, ndipo khansala wina wamkazi anakana mpaka kumenya tebulo. Wa mowayo analephera. Mpingo wina unkafuna tchalitchi m'dambo, ndipo mfumu ina inati madzi akasefukira pamenepo amafika m'chiuno, tisakaike anthu a Mulungu m'dziwe. Anauzidwa akafune malo ena. Wachigayo wina anamuvomereza, bola achitalikitse ndi nyumba za anthu. Nthawi zonse wapampando ankafunsa kuti tagwirizana, onse n'kuvomera, nkhani n'kutha pomwepo.

Kenako ndinamva dzina langa.

Mayi wamagalasi uja ananena zonse osabisa, za maziko, za njerwa, za nthungululu zomwe. Anthu anaseka, ine ndinafuna nthaka indimeze. Wa zamisewu anaimirira n'kuti akalekerera mmodzi, mawa msewu wonse udzadzaza maziko, choncho pempholi likanidwe kuti ena atengerepo phunziro. Ambiri anagwedeza mitu. Ndinaona khonde lija likundiitana.

Wapampando anafunsa ngati mwini pempho alipo. Ndisanadzuke n'komwe, amalume anali ataimirira kale, chipewa chili m'manja.

"Mabwana, mwanayu sanalakwe. Ndine ndinalamula kuti akumbe. Ife kumudzi tinaphunzira kuti a boma akamabwera, uziyamba ndiwe kutuluka thukuta. Sitinadziwe kuti alendo a boma ali mitundu iwiri."

Holo yonse inaphulika ndi kuseka. Koma khansala wamkazi uja sanaseke. Anati, "Akunena zoona bambowa. Ndife tomwe timayenda m'midzi kuuza anthu kuti umbani njerwa, kumbani maziko, chitukuko chikupezeni mwakonzeka. Ndani wa ife anapitako kukawauza kuti pa izi zokha asakumbe?" A khansala a kwathu anavomereza, n'kuti iwonso sanandiuze kuti ndisakumbe. Mfumu ija inati munthu amene wabwera yekha kudzapempha si wozemba lamulo, ozemba amamanga osafunsa aliyense. Wa zamisewu anakanda mutu, n'kuti iye nkhani yake ndi msewu basi, shopuyo ikachoka m'malo a msewu alibe nayo mawu.

Apo wapampando anatembenukira kwa ine. "Mayi, mungavomere kukwirira maziko amenewo, kubwerera m'mbuyo mpaka pamene akakulozereni, ndi kuika chimbudzi kutali ndi mjigo?"

"Ndikwirira ndi manja awa, abwana! Ngakhale ndi supuni!"

"Tagwirizana?"

"Tagwirizana!"

Ndinaiwala kuti ndili mu holo ya boma. Nthungululu inatuluka yokha, ndipo mlonda wa pakhomo anachita kusuzumira. Ndinagwira chanza aliyense amene ndinamufikira, wa tepi yemwe, ndipo ndinamulonjeza kuti buluku lake likadzang'ambika adzabwere nalo. Njira yonse yobwerera ndinkauza aliyense amene tinakumana naye, omudziwa ndi osamudziwa, kuti andivomereza. Wa kabaza anati ndisiye kuvina pa keliyala, tigwa.

Mayi wamagalasi anabweranso sabata yotsatira kudzakhoma zikhomo zatsopano. Apa m'pamene chimwemwe changa chinapunthwa. Shopu itabwerera m'mbuyo, theka lake linatuluka m'malo anga n'kulowa m'kamunda ka chinangwa kamene kanali kuseri. Kamundako kanali ka amalume. Iwo akhala chikamwini kumudzi kwa akazi awo chiyambire unyamata, ndipo kwathu kuno mwamuna wotere amadziwa kuti kumeneko ndi mlendo. Mkazi akatsogola, kapena ukalamba ukafika, amabwerera kwa alongo ake. Kamundako ndi pamene amalume ankasungira kuti adzamangepo kanyumba kawo kobwererako. Malo ena a mbumba anatha kale kugawidwa.

Ndinayang'ana chikhomo chili pakati pa chinangwa chawo. Amalume anali ataima pomwepo. Ndinati, "Amalume, basi, tisiye. Khonde lija ndalizolowera."

Anavula jekete, napachika pa mango, n'kulowa m'kamundamo. Anagwira phata la chinangwa loyamba ndi manja awiri, nakoka mpaka mizu inatuluka, nakutumula dothi, n'kuponya pambali. Anagwira lachiwiri. Bambo a kunyumba anafuna kuwathandiza, koma anawakaniza ndi dzanja.

Misozi inanditsika. Ndinagwada pambali pawo n'kuti, "Ndiye ndidzakumangirani chipinda kuseri kwa shopuyi. Chanuchanu, cha chitseko chake. Mawa lomwe tiyamba."

Amalume anaweramuka, thukuta likuyenderera m'makwinya, chinangwa chili m'manja. Anayang'ana mayi wamagalasi uja, amene anali ataima phee ndi nyundo yake, kenako anayang'ana ine.

"Chipindacho ndachilandira, mwana wa mlongo wanga," anatero. "Koma ukapemphe kaye. Khasu lisakhudze pansi."