Magolovesi a Bambo a ku Mochale

Magolovesi aja ndimawaonabe m'maso mpaka lero. Anali a labala, ofiirira, ofika m'chigongono, ndipo ankayanikidwa pa waya kuseri kwa nyumba yathu ku Biwi. Mphepo ya Juni ikaomba, zala zake zinkagwedera ngati zikukodola munthu. Eni ake anali bambo ena ochokera kummwera, amene ankachita lendi khomo loyandikana ndi lathu. Ankagwira ntchito ku mochale, kosungira mitembo.

Tinkakhala nawo bwinobwino, ndipo akazi awo ankapatsana mchere ndi amayi. Zinthu zinasintha chaka chimene mtsikana wogulitsa mandasi pa siteji anasowa, kenaka n'kupezeka atafa m'mbali mwa mtsinje. Ena ankati anamuchotsa ziwalo, ena ankati thupi lake linali ndi oligula kale. Mwa onenawo panalibe amene anaona ndi maso.

Sabata yomweyo aphunzitsi anatiuza kuti madokotala amaphunzirira pa mitembo, ndi kuti kalekale ku Ulaya kunali anthu amene ankapha alendo ogona m'nyumba zawo n'kukagulitsa mitemboyo kusukulu za udokotala. Lero ndimaona kuti ankangofuna tisawodzere m'kalasi. Koma ife tinaithamangitsira kunyumba nkhaniyo ili ya moto, ndipo pofika Lamulungu mawu oti "kalekale" ndi "ku Ulaya" anali atatayika panjira.

Amalume, amene ankakhala nafe, ndiwo anayamba kulumikiza zinthu. Bambo a ku mochalewo, njinga yatsopano ija anaipeza bwanji? Nanga fungo lija la mankhwala, loboola mphuno, bwanji silinkawachoka ngakhale popita kutchalitchi? Amayi anatiletsa kulandira kanthu kalikonse kuchokera khomo limenelo. Pa mpopi, akazi a bambowo akafika, azimayi ankasendeza zidebe zawo. Bambowo ankaperekabe moni kwa aliyense, moniwo n'kumangogwera pansi. Ine ndinkawayang'ana m'manja. Zikhadabo zawo zinali zowengedwa bwino, zopanda litsiro, ndipo ngakhale zimenezo zinkandiopsa.

Tsiku lina masana anyamata anagenda mawindo awo onse. Kutacha banjalo linapakira katundu n'kusamukira ku Chinsapo. Wopha mtsikana uja sanapezeke.

Mvula isanayambe, amalume anadwala n'kumwalira kuchipatala. Tinapita pa lole ndi azimayi a kutchalitchi kukatenga thupi. Amene anatsegula chitseko cha mochale anali bambo aja. Nyimbo imene azimayiwo ankaimba inadukira pakati. Bambowo anayang'ana amayi kwa kanthawi, n'kunena motsitsa mawu:

"Lowani, mayi. Mukhalepo pamene ndikuwasambitsa alongo anu, muone nokha."

Amayi analowa. Atatuluka anagwada pakhonde, n'kugwira dzanja la bambowo ndi manja awiri, misozi ili mbwembwembwe. Pobwerera, fumbi likutilowa m'kamwa, ndinawamva akunong'oneza mnzawo kuti anayang'ana thupi lonse mpaka kumapazi, ndipo zonse zinalipo.

"Nanga zam'kati munaziona?" anafunsa mnzawoyo.

Titafika kunyumba, anthu atadzaza kale pabwalo, amayi anazembera kuseri ndi sopo n'kusamba m'manja nthawi yaitali. Ine ndinkaganiza kuti munthu akaona ndi maso ake, nkhani yatha. Ndinali ndisanadziwe kuti ungathe kumugwadira mnzako ndi mtima wako wonse, n'kumamuopabe.