Magalasi a Bambo Liao

Sitolo ya magalasi a m'maso ya mayi Tseng inali yopapatiza, moti anthu atatu akalowamo wachinayi ankadikira panja. Inali pafupi ndi msika wa ku Meishan, khoma limodzi ndi kanyumba kanga komwe ndinkagulitsa mkaka wa soya ndi mazira okazinga m'mawa. Tinakhala choncho zaka makumi awiri, ine ndi mafuta anga, iwo ndi magalasi awo.

Amene anayamba ntchitoyi anali amuna awo. Atamwalira, anthu ankati sitolo itsekedwa basi, koma mayi Tseng anangokhala pampando wa malemuwo n'kupitiriza. Pakona panali kabeseni ka mchere wotentha. Ankakwirira timiyendo ta magalasi mumcheremo mpaka titafewa, kenako n'kutipinda ndi zala molingana ndi mutu wa mwiniwake.

Chaka chimene boma linalamula kuti wokwera njinga yamoto aliyense azivala chisoti, ntchito inawachulukira. Kwathu kuno ngakhale agogo amapita kumsika pa njinga yamoto, ndiye anthu ankabwera ambirimbiri ndi mabala kuseri kwa makutu, chisoti chitakanikizira magalasi m'mnofu. Mayi Tseng ankawongola timiyendoto kuti tizilowa bwino pansi pa chisoti, n'kumuuza aliyense kuti, "Muziyamba kuvala chisoti, magalasi pambuyo. Povula, muziyamba ndi magalasi."

Amene sankamva anali bambo Liao, a kupositi. Iwo ankagawa makalata kumapiri, kuminda ya tiyi, komwe nkhungu imatsika masanasana. Anali aatali, aphokoso, ndipo magalasi awo anali okhuthala ngati matako a botolo. Chisoti ankachizula ngati akuzula chinangwa, magalasi n'kugwera pansi.

"Mwabweranso, achimwene? Mutu umenewu ndi wa munthu kapena dzungu?"

"Vuto ndi manja anuwa, mayi. Amuna anu akakonza chinthu chinkakhala chaka."

"Pitani kumanda akakukonzereni."

Amatukwanizana choncho kwinaku a Liao akumwa mkaka wanga pakhomo. Kuti nthunzi isamatseke magalasi m'nyengo yozizira, mayi Tseng ankawapaka sopo pang'ono n'kupukuta ndi kansalu kofewa. A Liao ankati akununkha ngati bafa, koma mawa lake ankabwera kudzapakitsanso.

Chaka china madandaulo anasintha. Lero akuti chisoti chikupendeketsa magalasi, mawa akuti galasi la chisoti lachita mbuu. Mwezi umodzi anabwera kanayi. Ulendo wachisanu anafika akutsimphina, buluku litang'ambika pabondo. Anali atagwera mu ngalande pakona yomwe anaidutsa zaka zambiri.

Mayi Tseng anatenga magalasi aja, anawayang'ana uku ndi uku, n'kuwaika pathebulo osakonza chilichonse. Kenako anatulukira nawo a Liao panja pamene panali kuwala.

"Tayang'anani kuno. Musaphethire."

Ndinasiya mazira pamoto n'kuyandikira. Pakati pa diso lamanja panali kamtambo koyera.

"Magalasi alibe mlandu, achimwene. Chisoti chilibenso mlandu. Ndi ng'ala."

"Inu mwakhala dokotala liti?"

"Maina a pamakalata mukumawerenga bwanji?"

Apo a Liao anaulula kuti ankangozindikira kalembedwe ndi mtundu wa envulopu. Yowavuta ankapempha mwini nyumba yoyandikira kuti awawerengere, ponamizira kuti magalasi achita nthunzi. Kunali kutatsala zaka ziwiri kuti apume pantchito, ndipo ankaopa kuti akaulula awalanda njinga n'kuwakhazika mu ofesi kumata masitampa.

"Mukakafera kuphompho, makalata a anthu adzagawa ndani?" anatero mayi Tseng.

Anachoka atakwiya, ndipo sabata yathunthu ankalambalala msewu wathu. Lolemba linalo m'mawa ndinangowaona ataima pakhomo, atavala malaya a kuukwati, opanda njinga. Mayi Tseng anatseka sitolo, zomwe sanachitepo chimwalirire amuna awo, n'kutulutsa njinga yawo yaing'ono yofiira. Anawaveka a Liao chisoti cha mwana wawo wamkazi, chamaluwa, n'kuwalowetsera okha magalasi.

"Gwirani m'chiuno, musachite manyazi. Ndakalamba."

Msika wonse unaima kuonerera chimphona chija chitakhala kumbuyo, mawondo ali m'mwamba, akutsetsereka kupita kuchipatala ku Chiayi.

Diso loyamba analikonza mwezi womwewo, lachiwiri itatha nyengo yothyola tiyi. A Liao anabwerera kumapiri ndi timagalasi topepuka, ndipo anamaliza zaka zawo ziwiri pa njinga. Ankadabwa kuti minda ya tiyi ndi yobiriwira chomwecho, komanso tsiku lina anati ine ndakalamba kuposa momwe ankaganizira. Tsiku limenelo sindinawapatse dzira.

Pano pamalo paja pali sitolo ya mafoni. Mayi Tseng zala zinayamba kuwauma, mwana wawo n'kudzawatenga kukakhala ku Taichung. Inenso ndinasiyira mpongozi wanga chiwaya. A Liao atapuma anayamba kulima nsungwi kuseri kwa nyumba yawo, ndipo mphukira zake zikatuluka amadzaza thumba n'kukwera basi ya ku Taichung. Chaka chatha ananditenga. Tinapeza mayi Tseng atakhala pakhonde la nyumba yosanja, ataonda, tsitsi lonse mbuu. Anatsegula thumba lija, anafinya mphukira imodzi, n'kunena kuti ndi zokhwima, munthu wanzeru akanakumba sabata yatha. Tinaphika zomwezo ndi nyama ya nkhumba, ndipo tinacheza mpaka basi yamadzulo inatsala pang'ono kutisiya.