Mabatani a Bandi M'mimba mwa Chinjoka

Tsiku limene anaonana koyamba, a Telala sanamupatse moni. Anabwera kudzaonekera kwa makolo a mkazi amene ankamufuna, ndipo amene anatsegula chitseko anali mng'ono wa mkaziyo, kamtsikana ka sukulu. Mlendoyo anamuyang'ana pachifuwa, anasolola singano pakolala ya jekete lawo, n'kuyamba kulimbitsa batani limene linkalendewera pa juzi yake, ali chiimire pakhomo pomwepo. Atamaliza anadula ulusi ndi mano.

"Tsopano tingalonjerane," anatero. "Muli bwanji, alamu?"

Za ukwati zinali zisanakambidwe n'komwe, koma dzina lija linamukakamira. Anakula, anayamba ntchito m'sitolo ya mankhwala, imvi zinabwera, koma msewu wonse unkangomuti Alamu.

Masewera a madayisi anawabweretsa ndi iyeyo. Shopu ya a Telala ikatsekedwa, ankakankhira nsalu kumbali pa tebulo lalitali lodulirapo, n'kukhala anthu anayi: iye, achemwali ake, a Telala, ndi wometa wa khomo loyandikana nalo. Mlamu ndiye ankasimba za dziko longopeka la mapiri, mapanga ndi zilombo. Enawo aliyense anali ndi munthu wake m'dzikomo, amene ankamulankhulira ndi kumusankhira zochita. Munthuyo akafuna kulumpha dzenje kapena kutema chilombo, mwini wake ankaponya madayisi, ndipo chimene madayisi anena palibe ankatsutsa.

M'dziko limenelo chilichonse chinkayenda ndi golide. Lupanga, golide. Malo ogona, golide. Sing'anga womanga mabala, mlonda wa pachipata woti ayang'ane kumbali, onsewo golide. Wometa ankati akampeza, dzuwa silinkalowa asanamumwaze: anagulapo chipewa cha nthenga, kenaka hatchi yosadziwa kubwerera m'mbuyo. Achemwali ankagula mivi. Koma a Telala, amene munthu wawo anali kamunthu kafupi kandevu konyamula nkhwangwa, sankagula kanthu. Ankalowa m'sitolo ya zida, kupapasa chovala chachitsulo ndi zala, kunyoza msoko wake, kunenerera mtengo mpaka tiyi kuzizira, n'kutuluka chimanjamanja.

Chinthu chimodzi chokha ndicho chinkawawawa. Golideyo ankangotchulidwa pakamwa.

"Chuma chosalira m'thumba si chuma, alamu," ankatero. "N'chimodzimodzi kudya fungo."

Ndiye tsiku lina anatsitsa chitini pashelefu. Munali mabatani amkuwa onyezimira, lililonse lodindidwa kalipenga. Anali a mkulu wa bandi ya m'tauni, amene anawaitanitsa kutali n'kuwasiya pashopupo pamodzi ndi nsalu yofiira ya majekete atsopano a anyamata ake.

"Tingobwereka," anatero a Telala. "Majeketewo ndisanawadule n'komwe."

Golide atayamba kulira, a Telala anafika poipa. Anasoka kathumba n'kunena kuti chuma cha gulu lonse azisunga ndi iwo, poti ena pano ali ndi manja obooka. Ulendo wina gululo linafika pa mlatho wolipiritsa. Mlondayo ankafuna batani limodzi lokha.

"Limodzi lathunthu? Matabwa ofumbwawa?" anakuwa a Telala. "Tizungulira kuphiri."

"Alamu, kuphiriko kuli chinjoka chamapiko," Mlamu anawachenjeza. "Ndanena kale kawiri konse."

"Chinjoka sichilipiritsa."

Madayisi anagubuduka, ndipo anagwa moipa. Chinjoka chinatsika, chinatentha chipewa cha wometa, chinatsomphola kathumba konse n'kubwerera kuphanga kwake. Patebulopo chinjoka chinali tipoti wakale wobiriwira, wothyoka chogwirira. Mlamu anakhuthulira mabatani onse m'menemo, khochokhocho, n'kumuika pamwamba pa kabati.

Masabata anapita. Majekete anasokedwa, anasitidwa, anapachikidwa pamzere ngati asilikali, koma onse ali yasa. Bandi inali itaitanidwa kukaimba potsegulira bwalo latsopano la mpira, ndipo ntchito yaikulu chotero a Telala anali asanaigwirepo. Ikanawonongeka, dzina lawo likanathera pomwepo.

Mlamu anadutsa pashopupo masana n'kuwapeza atakhala pa makina osapalasa, maso ali pakabati.

"Bwanji osangotsitsa tipotiyo?"

"Ndi wa chinjoka."

"Alamu, ndi mabatani a eni ake."

"Analowa m'phanga mwalamulo, atuluke mwalamulo. Ndikangopisamo dzanja lero, ndiye kuti zaka zonsezi takhala tikuseweretsa nthawi. Mawa wometa adzapisanso, adzati nayenso ali ndi chifukwa."

Achemwali anayankhira kuchipinda. "Asiye, mng'ono wanga. Usiku sakugona. Akumanong'oneza kabati."

Mkulu wa bandi anabwera yekha, munthu wamtali wa masaya otupa ngati akuliza lipenga ngakhale ali chete. Anayeza jekete lake, anadziyang'ana pagalasi, anasangalala, n'kufunsa za mabatani.

"Ali bwinobwino, bwana," anatero a Telala. "Kungoti ali ndi chinjoka."

"Ndani ameneyo? Wamaoda?"

A Telala analoza pakabati. Mkuluyo anayang'ana tipotiyo, anayang'ana achemwali, amene anangoweramira pansi. Atatambasula mkono kuti atenge, a Telala anaima kutsogolo kwake, tepi yoyezera ili m'khosi, mutu wawo ukulekeza pachifuwa cha munthuyo.

"Mupsa, bwana. Khalani pansi tikambirane ngati akuluakulu."

Mabatani a mtundu umenewo sankapezeka m'sitolo iliyonse ya m'tauniyo, choncho madzulo a tsiku lomwelo mkulu wa bandi anapezeka atakhala pa tebulo lodulira nsalu, madayisi ali m'manja, atapatsidwa munthu wake, woimba woyendayenda.

Apa ndi pamene anaona kuti umphawi ndi umphawi ngakhale m'dziko lopeka. Analibe chogulira zishango. Mwini nyumba ya alendo anawagoneka m'khola. Atafika kuphanga, wometa anathamangira chinjoka ndi mpando, poti lupanga anali atapinyolitsa, ndipo anabwerako akufuka utsi. Sing'anga anakana kumugwira osaona kaye golide.

Mlamu chisoni chinamugwira. Anatsokomola n'kunena kuti chinjokacho chikuoneka kuti chadwala chimfine, mwina chikomoka chokha.

A Telala anamenya tebulo. "Ayi! Chinali bwinobwino pompano. Musandimvere chisoni, alamu, sindine mwana."

"Akulu inu," anadandaula mkulu wa bandi, "chisiyeni chikomoke!"

"Chifukwa chiyani chinjoka chimagonera golide?" anafunsa a Telala mwadzidzidzi. "Sichigula kanthu. Sichipita kumsika."

Mlamu anali asanaganizepo. Anangotola chimene chinabwera. "M'phangamo mumazizira. Golide amasunga kutentha."

"Basi. Ndikusiya nkhwangwa pakhomo. Ndikulowa ndi tepi. Inu bwana, muziimba kuti chisatekeseke."

Mkulu wa bandi anafuna kungonena kuti munthu wake akuimba, koma a Telala anati zongonena pano zinatha. Anatulutsa lipenga m'chikwama n'kuliza nyimbo yogonekera mwana, agalu a mumsewu akuvomera. A Telala anatsitsa tipoti mwaulemu, anamuyeza mimba, khosi ndi mlomo, akupepesa pamene tepi yakhudza pothyoka paja. Kenaka anapita pa makina. Anasoka kajasi kathonje kuchokera ku zotsala za nsalu yofiira, kokhala ndi kolala, kathumba ka pachifuwa ndi kabowo kotulukira moto.

Tsopano mtengo. Apa Mlamu, amene anakhala zaka zambiri akunyozedwa misoko ya zovala za m'sitolo zake zopeka, anamva chinjoka chikudzuka m'mimba mwake. Anaiwala bandi, anaiwala bwalo la mpira.

"Kakundithina m'khwapa," anatero ndi mawu okhuthala.

"Mulibe khwapa, agogo."

"Mtundu wake ukundikalambitsa."

"Mwakhala zaka chikwi, si nsalu yakukalambitsaniyi."

Ananenerera mpaka lipenga linauma. Pomaliza chinjoka chinavala, chinalipira, koma chinatsala ndi mabatani odzaza dzanja, chati mchira wasiyidwa panja. A Telala anavomera kuti pa mchira chanena zoona, ndipo anagwirana chanza ndi mlomo wa tipoti.

Otsalawo anali a jekete limodzi lathunthu. Mkulu wa bandi anagwira mutu, kenaka anaseka mpaka misozi. "La woimba ng'oma yaikulu," anatero. "Mimba yake palibe anaionapo."

Bandi inaguba mumsewu waukulu ikunyezimira ngati dzuwa la m'mawa, ndipo kumbuyo kwenikweni kunali mnyamata wonenepa, jekete lake lomangidwa ndi mapini kuseri kwa ng'oma. Palibe anadziwa. A Telala anapeza maoda a masukulu ndi makwaya, ndipo mkulu wa bandi sanasiyenso kubwera kutebulo kuja.

M'zaka zawo zomaliza a Telala maso anachita khungu. Achemwali anali atatsogola, makina anaphimbidwa ndi nsalu, ndipo Mlamu ndi amene ankabwera masana kudzawawerengera nyuzi. Tsiku lina kunagogoda bambo wa dazi, jekete lofiira lofwifwa lili pamkono. Anali woimba ng'oma uja. Msana unali utamukana, ndipo ankati pa chithunzi chotsanzikana ndi anzake adzaima wopanda ng'oma.

"Ndiye ndimati mwina mabatani aja, madala."

"Si ine mwini wake," anatero a Telala. "Lankhulani ndi alamu angawa."

Mlamu anakwera pampando, mawondo akulira, n'kutsitsa tipoti. Anati chinjoka chakalamba, chapereka ulere.

"Bodza," anatero a Telala. "Ndimachidziwa ine. Aponye."

Bamboyo anaponya madayisi. Anagwa moipa kwambiri. Iye ndi Mlamu anayang'anana.

"Agwa bwanji?" anafunsa a Telala, akupendeketsa khutu.

Mlamu anatsegula pakamwa kuti aname, koma anaona nkhope ija ikudikira. "Moipa, alamu. Chamulavulira moto."

"Ehe! Ndinanena ine." Anaseka mpaka kutsokomola. "Khalani pansi, achimwene, vulani nsapato. Muponyanso mukachira."

Bamboyo anachoka dzuwa litapendeka, atapsa kangapo, atagonapo m'khola, koma atapambana. Mlamu analowetsa ulusi pa singano n'kuiika m'zala za a Telala. Iwo anapapasa nsaluyo mpaka anapeza timabowo ta mapini, n'kuyamba ndi la pakhosi.