Tambala Amene Ankadzutsa Bambo

Bambo anga atasiya kuona, tambala wathu wofiira ndiye anakhala wotchi yawo. Nthawi imeneyo ndinali nditabwerera kwathu ku Ngala ukwati utatha, ndipo ndine ndinkawasamala. Maso awo anayamba ndi nkhungu, kenako kunada bii. Munthu amene anakulira m'bwato, wodziwa nthawi pongoyang'ana nyenyezi, tsopano ankafunsa chilichonse: ndani walowa, ndodo ili kuti, mvula ikubwera kapena ayi. Chinthu chimodzi chokha ndicho chinatsala choti azidziwa okha osafunsa munthu, ndicho chakuti kwacha.

Tambala uja akalira koyamba, bambo ankadzuka n'kukhala pamphasa. Tambalayo akabwereza, bambo ankayamba pemphero lawo la m'mawa lomwe analoweza ali mnyamata ku tchalitchi cha Angilikani. Akamaliza ankandiitana ndi mawu a munthu amene wadzuka woyamba pakhomo pake: "Iwe mayi, anzako afika kale kumjigo!" Ndinkang'ung'udza, koma ndinkakondwa kumva mawu amenewo.

Pakhomo panalinso atambala ena ang'onoang'ono, koma bambo sankawawerengera. Ankati, "Usamaganize kuti tambala amalirira ife. Amauza anzake kuti bwalo lino n'lake. Wamkulu ndiye amayamba, ana aja amadikira. Wina akangoyerekeza kutsogola, amujompha mutu." Ndipo zinalidi choncho. Wofiira akayamba, athu aang'ono ankatsatira, kenako a kwa aneba, kulira kuja n'kumayenda khomo ndi khomo mpaka kumsewu.

Kenako malo oyandikana nafe anagulidwa. Anamangapo loji yogona alendo obwera kudzaona nyanja, n'kuzunguliza mpanda wa njerwa. Pakona ya mpandawo anaikapo getsi lalikulu, ndipo linaloza ndendende mumtengo wathu wa mango momwe nkhuku zinkagona. Achimwene anga analembedwa ntchito kumeneko, yothirira maluwa ndi kusesa mchenga. Inde, kusesa mchenga kunyanja. Ndinaseka, koma ntchito ndi ntchito, ndipo iwo anali ndi ana.

Tambala uja anasokonezeka. Getsi likangoyaka madzulo, iye n'kukupiza mapiko n'kulira. Jenereta ikaguguda, alira. Galimoto ya alendo ikawalitsa mumtengomo, aliranso. Bambo ankadzuka n'kuyamba pemphero la m'mawa anthu tisanatsuke n'komwe mbale za madzulo. Ndinaona kuti vuto ndi kuwala, ndiye ndinayamba kumugwira dzuwa likamalowa n'kumutsekera m'khitchini, mipata yonse nditatseka ndi masaka. Mumdima womwewo, osaona kalikonse, ankalira nthawi yake yeniyeni, kum'mawa kusanayere. Nthawi anali nayo m'thupi, getsi lija linkangomunamiza. Masiku amene ndachedwa kumugwira ndiwo ankalira madzulo.

Tsiku lina achimwene anabwera nkhope itagwa. "Abwana akuti alendo sakugona. Tambala uyu akuwadzutsa m'mamawa."

"Ndiye ntchito yake imeneyo," ndinatero. "Anabwera kumudzi kudzamva chiyani? Akufuna mudzi wopanda nkhuku?"

"Iwe ulibe ana oti uwadyetse, n'chifukwa chake ukuyankhula choncho."

Mawu amenewo anandilasa, ndipo iwo ankadziwa kuti andilasa. Ndinawauza kuti apite akauze bambo okha. Sanapite. Ankadziwa kuti bambo akana.

Patapita masiku anabwera ndi azakhali athu, ndipo nkhani inali itasintha. Za abwana sanatchulenso. Kwathu kuno tambala akalira madzulo anthu amati ndi malodza, akuitana maliro pakhomo, ndipo amaphedwa asanagone. Azakhali anandikokera kuseri kwa nyumba kuti bambo asamve.

"Mwana iwe, tambala wolira madzulo sasungidwa. M'nyumba muno muli wodwala. Ukufuna uike bambo ako m'manda chifukwa cha nkhuku?"

"Azakhali, si malodza ayi. Ndi getsi lija. Ndikamutsekera salira."

"Getsi limalira? Walira ndi tambala."

Azakhali sindiwasungira chakukhosi, iwo ankaopadi. Koma achimwene anaima pamenepo maso ali pansi, chonsecho getsi limenelo ankayatsa ndi iwo, ndi chala chawo, madzulo alionse. Anabisala kumbuyo kwa mwambo ngati mwana kumbuyo kwa chitenje cha amake. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa.

Anadikira tsiku limene ndinakwera minibasi kupita ku Dwangwa kukagula mankhwala a bambo. Pobwera ndinaona nthenga zofiira kudzala, zina mphepo itazimwaza mpaka kumpanda wa loji. Alamu anga, akazi a achimwene, anali ataphika kale. Ndinkafuna kukuwa kuti mudzi wonse umve, koma bambo anali pakhonde akusamba m'manja, ndipo ndinaluma mlomo.

Nkhuku ikaphedwa, nthutumba imapita kwa mwini khomo. Alamu sanayerekeze kuphwanya zimenezo, anaiika m'mbale ya bambo. Bambo anapapasa m'mbalemo ndi zala, n'kuipeza. Anaitembenuza, n'kuifinya pang'ono. Inali yaikulu, ndipo pakhomo pathu panali nkhuku imodzi yokha yoti n'kukhala ndi nthutumba yotero.

"Kwabwera alendo?" anafunsa.

Alendo analipo ndithu, koma anali kuseri kwa mpanda, ndipo sankadziwa n'komwe kuti tawaphera nkhuku.

"Ndafunsa kuti kwabwera alendo?"

"Ayi, bambo," anatero achimwene. "Tangoti mudyeko kanyama."

Bambo anabwezera nthutumba ija m'mbale, n'kupempha madzi kuti asambenso m'manja. Anadyera masamba a maungu.

M'mawa mwake kunali chipwirikiti. Atambala aang'ono aja, poona kuti wamkulu palibe, analira onse nthawi imodzi ndi mawu awo osasa, aliyense kufuna kukhala woyamba. Anamenyana mpaka magazi m'malipombo, ndipo kwa masabata ankalira nthawi iliyonse imene afuna. Ngati alendo anagona bwino, sindikudziwa anagona bwanji. Achimwene ntchito anapitiriza, abwana awo sanadandaulenso, mwina alendo odandaula aja anali atapita kale.

Tsiku loyambalo ndinadikira kuti bambo andiitane. Dzuwa linatuluka, ndinapita kumjigo n'kubwerako, m'nyumba muli zii. Nditalowa ndinawapeza ali chigonere, maso ali tong'o kudenga.

"Bambo, simudzuka?"

"Aphokoso awa sindikuwadziwa," anatero. Kenako anafunsa motsitsa mawu, "Kodi kwacha?"

"Kwacha kalekale."

"Chabwino. Ukatero iwe, ndiye kuti kwacha."

Anakhala ndi moyo zaka zina pambuyo pake, ndipo sanandidzutsenso. Ine ndinkawadzutsa. M'mawa uliwonse ankamva mapazi anga pakhomo n'kufunsa funso lomwe lija, n'kudikira kuti ndiwayankhe asanayambe kupemphera.