Mbuzi Inatsogola Kulowa M'kalasi

Inu owerenga, ine ndine mayi wopemphera, ndipo zimene Mulungu wandichitira sindingathe kuziwerenga. Koma lilipo tsiku lina limene ndinapemphera pakamwa patatsogola, mutu utatsalira m'mbuyo, ndipo pemphero limenelo linatsala pang'ono kumusiyitsa sukulu mwana wanga. Lero ndikakumbuka ndimaseka mpaka misozi, koma nthawi imeneyo ku Chinsapo ankaseka ndi anthu ena, osati ine. Ndalemba izi kuti mayi mnzanga wina asadzagwere m'dzenje lomweli.

Ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale. Ndiye mwana wathu woyamba, mtsikana Tiyamike, atapeza malo pa sekondale yoyendera ya kufupi ndi kwathu, zaka zija matipate atangoyamba kumene, ndinavina mpaka chitenje kumasuka. Bambo ake, amene ndi telala wa pakhonde kumsika, anamusokera okha yunifolomu, ndipo anaisiya yaitali ndithu kuti akulire momwemo.

Chimwemwe chinachepa nditakaona m'mene ankaphunzirira. Ana anali ochuluka ngati ngumbi. Desiki ya awiri ankapanikizanapo anayi, ena pansi, ena pa njerwa, moti mphunzitsi kuti afike pa bolodi ankachita kulumpha miyendo ya ana. Ofika mochedwa ankaima panja, kope atalitsamiritsa kukhoma, n'kumamvera kudzera pa windo. Amenewa anzawo ankawatcha a pawindo.

Tsiku lina ahedi anaitana makolo n'kutiuza kuti thandizo lapezeka lomangira makalasi owonjezera. Ife mbali yathu inali kuumba njerwa ndi kututa mchenga. Tinaumba, tinawotcha, misana inapweteka koma mitima inali mbee. Kenako anationetsa kontirakitala, bambo wonenepa bwino, tepi yoyezera ili m'chiuno, pensulo ili kukhutu. Anayang'ana kumwamba, anayang'ana njerwa zathu, n'kunena mawu amene ndidzafa nawo: “Makolo, musadandaule. Mvula isanagwe tikhala titafolera.”

Ine mawu amenewo ndinawalandira ngati ochokera paguwa. Loweruka lomwelo ndinapita kwa achimwene anga ku Mitundu n'kubwerako ndi kambuzi kakamuna, kakuda, kokongola, kongosiya kumene kuyamwa. Lachinayi ndinakakokera ku mapemphero a amayi, n'kuima kutsogolo, dzanja lili pamutu pake.

“Ambuye,” ndinatero, “tsiku limene Tiyamike wanga adzakhale pansi n'kuphunzira m'kalasi yatsopanoyo, ndidzapha mbuzi iyi, anthu anu adye akutamandeni. Lisanafike tsikulo, mpeni sudzaikhudza ndipo sindidzaigulitsa.”

Amayi onse anati ameni. Mnansi wanga NyaMhango, mayi wa ku Rumphi amene tinkakhala moyandikana mpanda, ankandikoka chitenje kuti ndikhale pansi, koma ine ndinkayesa kuti mzimu wamugwira nayenso. Chimenecho ndiye chowinda, inu owerenga, lonjezo lopangana ndi Mulungu, ndipo salibweza ngati ndiwo zobwereka.

Amisiri anakumba maziko, anathira konkire, khoma linakwera mpaka pofika mawindo. Kenako mmawa wina tinangoona kuli zii, wilibala kulibe, amisiri kulibe. Mvula inagwa, inakata. Kontirakitala anaonekera kamodzi pa njinga yamoto, nanena kuti simenti yavuta. Chaka chotsatira anati mapepala akhala ku maofesi akudikira siginecha ya munthu amene wapita ku semina. Nthawi zonse ankatsiriza ndi mawu ake aja, akuloza kumwamba. Ana a sukulu anafika pomutcha a Mvula-isanagwe, ndipo iye ankayankha ndithu.

Khoma linaima kukula, koma mbuzi sinaime. Kambuzi kokongola kaja kanamera ndevu, nyanga zinapindika, khosi linanenepa, kanasanduka tonde weniweni. Amene munasungapo tonde mukudziwa fungo lake. Ife puloti yathu ndi yaing'ono, khitchini ndi bafa n'zoyang'anizana, ndiye fungo limenelo linalowa m'mabulangete, m'buledi, ngakhale mu nsalu za makasitomala zimene bambo a Tiyamike ankabwera nazo kunyumba. Mayi wina anabweza diresi ya ukwati ati ikumveka khola.

Bambo a Tiyamike ndi munthu wofatsa. Poyamba anangopempha kuti tondeyo timufule kuti fungo lichepe. Ndinaitengera nkhaniyo ku mapemphero a Lachinayi, ndipo amayi anakambirana mpaka dzuwa kupendeka. Anagamula kuti cha Mulungu chiyenera kuperekedwa chathunthu, osachotsako kanthu. Khirisimasi itafika bambo anayesanso, ati bwanji tidye ameneyu, tsikulo likadzafika tidzagule wina wofanana naye, wakuda yemweyo. Ndinawafunsa ngati akuganiza kuti Mulungu sadziwa nkhope za mbuzi. Anangoti, “Chabwino, mayi a Tiyamike, koma mumuuze mwini wakeyo kuti chiweto chake chatha sopo m'nyumba muno.”

Sizinali zonama. Tonde ankadya sopo, ankadya zovala za pachingwe, anadya mpiru wonse wa NyaMhango, ndipo tsiku lina anagunda mlaliki amene anabwera kudzatiyendera, mpaka munthu wa Mulungu anakwera pa mtondo. Anansi anamupatsa dzina loti Fomu Wanu, poti anayamba limodzi ndi Tiyamike, ndipo chaka chikatha ankamukweza kalasi. Ndikamadutsa pa mjigo ndinkangomva, kodi Fomu Thuu wadzuka bwanji, mayeso alemba nawo?

Tsono apa m'pamene ndinalakwitsa kwambiri. Ku Chinsapo msipu ndi wosowa, koma m'kati mwa makoma osatha aja munamera udzu wobiriwira bwino, chifukwa palibe ankapondamo. Ndinalamula kuti mmawa uliwonse Tiyamike azikoka tonde popita ku sukulu, azimumangirira mmenemo, pobwerera azimutenga. Ndinkaona ngati nzeru. Sindinaganize kuti tonde sayenda ndi wotchi. Ankaima pa dzala lililonse, ankalimbana ndi agalu, nthawi zina ankangokhala pansi pakati pa msewu. Mwana wanga, amene kale ankalawirira n'kupeza malo kutsogolo, anasanduka wa pawindo wa tsiku ndi tsiku. Ndipo ngakhale pawindopo anzake ankamutalikira chifukwa cha fungo, anyamata n'kumamuitana kuti Mayi Tonde.

Mwanayo sankadandaula, ndipo mayeso a Fomu Thuu anakhoza mwa chisomo. Ine ndinkangoti Mulungu akuyankha. Koma ali Fomu Firii, tsiku lina anabwera masana, anamangirira tonde pa mtengo wa mapeyala, anavula yunifolomu n'kuipinda bwinobwino, n'kuiika pa mashini a bambo ake. Anati sukulu waisiya, apita kwa azakhali ake ku Mgona azikawathandiza kugulitsa kaunjika. Ndinayamba kumulalikira za kupirira, koma anandidula mwaulemu, maso ali pansi.

“Amayi, mbuzi yanu ili ndi kalasi yakeyake, imakhala m'kati. Ine ndimaima panja. Ndiye wa sukulu ndi ndani pakhomo pano?”

Inu owerenga, mawu amenewo anandilasa. Ndinawinda mbuzi chifukwa cha mwana, ndipo tsopano mwana ankachoka chifukwa cha mbuzi. Kuipha sindikanatha, kuigulitsa sindikanatha, ndipo mwana akasiya sukulu ndiye kuti tsiku la chowinda silidzafikanso, tondeyo ndidzakalamba naye. Sabata imeneyo Tiyamike sanapite ku sukulu, chikwama chake cha ku Mgona chili chomangamanga pakona.

Lachinayi ndinalira pamaso pa amayi anzanga. Ena anati tisale kudya, ena anati tikapempherere pa maziko kuti mtima wa kontirakitala ufewe. NyaMhango, amene mpiru wake unali usanaiwalike, anandiuza kuti ndibwereze chowinda chija liwu ndi liwu, monga ndinanenera tsiku lija. Ndinabwereza. Anandiuza kuti ndibwerezenso pang'onopang'ono. Nditamaliza anafunsa amayi onse ngati alipo wamva liwu loti denga.

Panalibe. Malata sindinatchule, chitseko sindinatchule, laimu sindinatchule. Ndinangoti adzakhale pansi n'kuphunzira m'kalasi yatsopanoyo. Za kufolera anatchula ndi kontirakitala, ine ndinangoziphatikiza ndekha m'mutu. “Mwaona, amama,” anatero NyaMhango, “zaka zonsezi Mulungu sakudikira malata. Mukudikira ndinu.”

Lolemba mmawa tinanyamuka amayi a Lachinayi tonse, makasu, matsache ndi zidebe zili kumutu. Tiyamike ndinachita kumupempha, osati kumulamula, ndipo anavala yunifolomu ija akung'ung'udza, ali m'mbuyo ndi kampando ka m'khitchini. Tinalima udzu m'kalasimo, tinasesa manyi a tonde amene anadzaza madengu, tinazira pansi ndi dothi ngati khonde la kumudzi.

Ahedi anatuluka mu ofesi akuthamanga. Anati nyumbayo sinaperekedwe ku sukulu, ikadali m'manja mwa kontirakitala, ndipo malamulo salola mwana kulowamo. Ine ndinagwada monga mwa ulemu, n'kuwafunsa kuti nanga mbuzi yanga, imene yakhala ikulowa mmenemo nthawi yonseyi iwo akuona, inalembetsa kwa yani. Ahedi anayang'ana ana a pawindo amene anali atatembenuka onse kutiyang'ana. Anabwerera mu ofesi osayankha, ndipo ife tinati kukhala chete kwa wamkulu ndi chilolezo.

Tiyamike anaika kampando kake pakati pa kalasi n'kukhala pansi, yekhayekha, thambo lili pamutu, manyazi atamugwira. Kenako mtsikana wina wa pawindo ananyamula njerwa n'kukakhala pambali pake. Anatsatira wina, ndi winanso, mpaka pawindo paja panatsala mbee. Mphunzitsi wa masamu, amene mawu anali atamuthera ndi kukuwira a panja, anabwera ndi choko n'kuyamba kulemba pa chidutswa cha bolodi chimene anachitsamiritsa kukhoma. Nditaona mwana wanga akutsegula kope, ndinayambitsa nyimbo, koma amayi anzanga ananditseka pakamwa kuti ana akuphunzira.

Loweruka lake abambo anabwera ndi mitengo ya bulugama, nsungwi, mapepala a pulasitiki ndi udzu, naika denga la chisakasa pamwamba pa makoma aja. Tsiku lomwelo tonde anakumana ndi mpeni. Bambo a Tiyamike, munthu amene nkhuku amachita kupempha mnansi kuti awaphere, tsiku limenelo ananola mpeni okha akuimba nyimbo ya chitsitsimutso. Nyama inali yolimba ngati tayala, tinaiphika kuyambira mmawa, koma anthu anadya natamanda Mulungu monga ndinalonjezera. Ine ndinalirako pang'ono, pajatu chinthu ukakhala nacho nthawi yaitali umachizolowera, ngakhale chonunkha.

Tikugawa nyama tinamva njinga yamoto. Anali a Mvula-isanagwe, amene anali asanaonekere chaka chonse, koma fungo la mphika analimva. Poti mlendo sabwezedwa pa chakudya cha Mulungu, ndinawapatsa mpando ndi mbale, ndipo mwa ulemu wa ukulu wawo chiwindi chinapita kwa iwo. Chowinda changa ine, chiwindi n'kudya iwo. Atamaliza anapukuta pakamwa, anayendera denga lathu la udzu akupukusa mutu, nanena kuti makolo tisadandaule, mvula isanagwe akhala atafolera ndi malata.

Bambo a Tiyamike anafunsa mofatsa, fupa lili m'manja: “Pepani bwana, kuti tisalakwitsenso. Mvula yake ya chaka chiti?”

Anthu anaseka mpaka ena kutsamwa, ndipo njinga yamoto inanyamuka msuzi usanathe.

Tiyamike anamaliza Fomu Folo pansi pa udzu womwewo. Mvula ikagwa ankasuntha mipando kuthawa modontha, koma anali m'kati, atakhala pansi, akuona bolodi. Chikwama cha ku Mgona chija anachimasula yekha. Malata anadzabwera ndithu, iye atachoka kale, ndipo ndinawathokozera Mulungu chifukwa cha ana a anzanga. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti mwana wanga anaima pawindo nthawi yaitali choncho chifukwa cha chingwe cha tonde chimene ndinamupatsa ine mayi ake, ndipo sindinamufunsepo n'kamodzi komwe kuti kusukuluko zikuyenda bwanji. Ndinkafunsa ngati mbuzi yadya.

Ndiye amayi anzanga, pempherani, ndipo windani ngati mtima wakutumani, Mulungu ndi wokhulupirika. Koma chowinda chanu musachimangirire pa lilime la munthu womanga, chifukwa Mulungu amasunga nthawi, kontirakitala sasunga. Mwana akabwera kuchokera ku sukulu, yambani mwafunsa za iye. Makalasi akachedwa musangokhala kuyang'ana kumsewu, pitani mukaone chimene manja anu angachite ndi makoma amene alipo. Ndipo wina akadzakuuzani kuti mvula isanagwe, mufunseni chaka chake musanapite kukagula mbuzi.