Shuga Wopanda Mwini

Ndikukumbukira tsiku limene njinga yamoto yokhala ndi bokosi lobiriwira kumbuyo inaima pakhomo pathu, m'munsi mwa phiri la Michesi. Ndinali Sitandade 5, ndipo pakhomopo tinkakhala awiri, ine ndi agogo anga obereka amayi. Amayi anamwalira ndili wamng'ono, abambo anali atatsogola kale ndisanayambe kuyenda. Tsikulo tinkamenya nandolo pabwalo, fumbi lake likuyabwa m'khosi. Njinga zamoto zinkadutsa kumsewu waukulu, koma kulowa kanjira kathu kamiyala chinali chachilendo, moti nkhuku zinathawira m'chinangwa.

Wokwerayo anavula chipewa, n'kuyang'ana pa foni, n'kufunsa ngati pano ndi pamene pamakhala mwana wa malemu Felesiya. Agogo anaika ndodo pansi. Dzina la amayi silinkatchulidwa wambawamba pakhomo pathu, ndiye kulimva likuwerengedwa pa foni ndi mlendo kunandidabwitsa kwambiri.

Mlendoyo anati dzina lake ndi Lusiyano, wa kampani ya Dengu Pakhomo, imene inali itangotsegula ofesi pa Boma. Anyamata ophunzira a ku Blantyre ndiwo anaiyambitsa. Munthu ali ku Joni kapena ku Lilongwe ankasankha katundu pa foni, n'kulipira komweko, katunduyo n'kufika kwa abale ake kumudzi. Izi ndinazimvetsa nditakula. Nthawi imeneyo ndinangomva zoti shuga amalowa m'foni ku Joni n'kutulukira pa Boma, ndipo ndinkaganiza kuti ku ofesiko kuli foni yaikulu ngati chitseko cha tchalitchi.

M'bokosimo munatuluka shuga, mafuta ophikira, mchere, masamba a tiyi, sopo ndi makope awiri. Agogo anafunsa amene watumiza. A Lusiyano anati pa foni pakungooneka nambala, wotumizayo anasankha kubisa dzina. Agogo anafunsanso m'Chilomwe, poganiza kuti mwina Chichewa ndicho chavuta, koma yankho silinasinthe.

Kwathu chakudya chosadziwika mwini sichidyedwa mwachisawawa. Ngakhale wophika thobwa amayamba walawa yekha alendo akuona. Choncho agogo anandituma kutereka madzi, n'kuyala mphasa. A Lusiyano anadandaula kuti foni ikuwawerengera nthawi ndipo makomo ena akudikira.

"Foniyo idikire, mwananga," anatero agogo. "Shugayu mwabwera naye ndinu, muyambe ndinu."

Anamwa tiyi wotentha thukuta lili kamukamu, ife tikuwayang'ana ngati mmene munthu amayang'anira mkaka uli pamoto. Analawanso mchere, n'kuviika chala m'mafuta. Sopo yekha ndiye agogo anawakhululukira. Ataona kuti mlendo sakugwa, anavomera katunduyo. Kenako a Lusiyano anati lamulo la kampani ndi lakuti wolandira ajambulidwe atanyamula katundu, chithunzicho chipite kwa wotumiza ngati umboni. Ndinaima pakhoma nditakumbatira shuga, mapazi ali mbuu, osamwetulira.

Kuyambira pamenepo njinga ija inkabwera mwezi ndi mwezi. Kampani inakula tikuona. Mabokosi obiriwira anachuluka, ankafika mpaka ku Nazombe, ndipo pawailesi pankamveka kanyimbo kawo kamene ana tinkaimba popita kudambo. Kumjigo amayi ankanyadirana za ana awo akutali, wina akuti wake watumiza mpunga, wina akuti wake sopo wonunkhira. Agogo ankangotunga madzi awo phee, chifukwa analibe dzina loti atchule. Koma mwambo wawo wa tiyi unafalikira. Khomo lililonse linayamba kukhazika pansi wa njinga, ena poopa mankhwala, ena poona kuti n'kupanda ulemu kuti mlendo achoke kukamwa kuli gwa. A Lusiyano anayamba kunenepa, katundu n'kumafika mochedwa. Nyumba zathu zinalibenso manambala. Wa ku Joni ankalemba kuti nyumba ili pafupi ndi mtengo waukulu wa mango, osadziwa kuti mtengowo unapita kale kuuvuni wa njerwa.

Ine zonsezo sizinkandikhudza. Chimene chinkandidya ndi chithunzi chija. Kwinakwake kunali munthu amene ankandiyang'ana mwezi uliwonse, wodziwa dzina la amayi, wodziwanso kuti ndili pasukulu. Ndinkaganiza kuti ndi wakuchimuna, mwina mlongo wa abambo amene sindinamuonepo. Ndinayamba kusamba msanga kumapeto a mwezi, kudzola mafuta ndi kuvala yunifomu ngakhale Loweruka. Tsiku lina ndinawapatsa a Lusiyano kalata, koma anati njira ya kampani ndi yopita mbali imodzi, ngati madzi a mumtsinje. Chobwerera n'chithunzi chokha.

Ndiye mwezi wotsatira, agogo ali m'khitchini, ndinang'amba pepala m'kope n'kulembapo kuti NDINU NDANI? Pojambulitsa ndinaligwirizira pamwamba pa shuga. A Lusiyano anayang'ana pepalalo, n'kundiyang'ananso ine. Anajambula, n'kumwa tiyi wawo, n'kumapita.

Mwezi winawo njinga sinabwere. Wotsatirawo chimodzimodzi. Mvula inali itayamba, madzi otsika m'phiri atakumba misewu, ndipo ndinkamva akuluakulu akudandaula za kusowa kwa petulo. Ena ankanong'ona kuti zithunzi zija zinkapita kwa anthu a zamatsenga. Koma ine ndinkadziwa chifukwa chenicheni: munthu anabisa dzina, ine ndamuumiriza, wakwiya. Tinabwerera kuphala lamchere. Agogo sanadandaule ngakhale kamodzi, ndipo kusadandaulako kunkandipweteka koposa mkwapulo.

Tsiku lina anandituma kuchipatala cha pa Boma kukawatengera mankhwala a miyendo. Pobwerera ndinafunsira ofesi ya Dengu Pakhomo. Ndinaipeza, dengu lojambulidwa likadali pakhoma, koma m'katimo mayi wina ankagulitsa kaunjika. Foni yaikulu ija sindinaione. A Lusiyano ndinawapeza pasiteji ya akabaza, ali ndi njinga yakapalasa, ataondanso. Anandiuza kuti kampani inagwa, njinga zamoto zonse zinagulitsidwa, ndipo palibe khomo limene likulandira kanthu, si lathu lokha. Sindinamvetse. Nyumba yogwa ndi mvula ndinali nditaionapo, koma ofesi ija inali chilili, denga lake lili bwinobwino. Ndinafunsa chinthu chimodzi chimene ndinkachimvetsa, ngati chithunzi chomaliza chija chinafika.

"Tsiku limene lija netiweki inkavuta, chemwali, ndipo foniyo eni ake anailanda," anatero. "Kukunamiza n'kosavuta. Koma sindikudziwa."

Nditafika kunyumba ndinawaululira agogo zonse, ndikuyembekeza kukalipidwa. Anapitiriza kusenda chinangwa, kenako anafunsa osandiyang'ana:

"Unalemba zilembo zikuluzikulu? Maso ake aja ankavuta kuyambira ali mwana."

Ndinafunsa kuti maso a ndani. Ndi pamene ndinamva koyamba za amalume anga, mwana wawo wamwamuna, amene anachoka pakhomo atakangana nawo ine ndisanabadwe, osabweranso ngakhale pamaliro a amayi. Miyezi yonse ija agogo ankadikira mwana wawo, ine ndikudikira azakhali, tonse tikutchera khutu kunjinga imodzimodzi.

Masiku ano ndimagwira ntchito ku Zomba, ndipo zinthu zinasintha. Wofuna kuthandiza kumudzi amatumiza ndalama pa foni, dzina lake n'kuonekera pomwepo, wolandirayo n'kukagula yekha pagolosale. Palibenso wobisala, ndipo wosatumiza amadziwika msanga. Amalume aja sanabwere, akuchimuna nawo sindinakumane nawo mpaka pano. Agogo anatisiya akukhulupirira ndi mtima wonse kuti wotumiza uja anali mwana wawo. Ine sindinawatsutse, ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati panali choti ndiwatsutsire.